Galimoto yokwezedwa: kakwezedwe ndi kasamalidwe kake mumzinda wa Blantyre

Galimoto yokwezedwa ndi galimoto, kawirikawiri ya pikapu, yomwe thupi lake latalikitsidwa kuchoka pansi kuposa mmene idatulukira kufakitale, n'cholinga choti mimba yake isamakhule miyala ndi zitunda komanso kuti ilole matayala akuluakulu. Mumzinda wa Blantyre ntchitoyi imachitika kwambiri pa magalimoto a Toyota Hilux, Toyota Land Cruiser, Ford Ranger ndi Isuzu D-Max, ndipo chifukwa chake chili m'maonekedwe a mzindawu: munthu akangochoka mumsewu wa Masauko Chipembere wolumikiza Blantyre ndi Limbe n'kulowera m'madera ena a Machinjiri, Bangwe, Chilomoni kapena m'mphepete mwa phiri la Soche, amakumana ndi misewu yadothi yotsetsereka yomwe mvula ya pakati pa Novembala ndi Epulo imaikumba chaka ndi chaka. Namondwe wa Freddy, yemwe adagumula mbali ya phiri la Soche ku Chilobwe mu Malichi 2023, adasiya misewu yambiri yotere itasanduka ngalande.

Pali njira ziwiri zokwezera. Yoyamba imakweza thupi lokha poika timipiringidzo pakati pa thupilo ndi chesisi, chomwe ndi chimango chachitsulo chonyamula injini ndi mawilo. Njirayi imapereka malo a matayala koma sisuntha chesisi ngakhale pang'ono. Yachiwiri, yomwe ndi yaphindu m'misewu yoipa, imasintha masipuling'i ndi ma shock absorber, zipangizo zoletsa galimoto kudumphadumpha ikagunda dzenje, n'kuikapo zazitali ndi zolimba. Hilux yopangidwa kuyambira 2005 ili ndi masipuling'i opota kutsogolo, komwe wilo lililonse limayenda palokha, ndi masipuling'i a zitsulo zosanjikiza kumbuyo, ndipo zipangizo zodziwika monga Old Man Emu ndi Ironman 4x4 za ku Australia zimaikweza ndi mamilimita pakati pa 40 ndi 50. Muyezo umenewu sudasankhidwe mwachisawawa, pakuti kupitirira apo ma CV joint, omwe ndi mfundo zopititsa mphamvu ya injini kumawilo akutsogolo pamene akukhota, amayamba kugwira ntchito atapindika kwambiri, mphira zowaphimba zimang'ambika, gilizi amatayika ndipo mchenga umalowa.

Chimene eni magalimoto ambiri sachizindikira n'chakuti kukweza masipuling'i sikukweza difu yakumbuyo, bokosi la magiya lomwe lili pakati pa ekiselo ndipo ndi lomwe limayamba kukhudza pansi mumsewu wa mizere yakuya. Difuyo imakwera ndi kukula kwa tayala kokha, ndipo phindu lake ndi lochepa kuposa mmene maso amaonera: tayala la 265/65 R17 ndi lotalika mamilimita pafupifupi 776, pamene la 265/70 R17 limafika 803, kutanthauza kuti difu imakwera ndi mamilimita 13 okha. Kusinthaku kumachititsanso kuti chida chosonyeza liwiro chiziwerenga mochepera ndi magawo oposa atatu pa 100 alionse, galimoto izichedwa kunyamuka pamtunda, mabuleki azilemedwa, ndipo mafuta azitha msanga, nkhani yomwe si yaing'ono m'dziko lomwe dizilo wakhala akusowa kawirikawiri.

Kuwonjezera pa zipangizo zogula, m'magalaja ang'onoang'ono a ku Ndirande ndi ku Limbe muli kakwezedwe kena kotsika mtengo, komwe amakaniko amawonjezera chitsulo chimodzi kapena ziwiri pa masipuling'i akumbuyo, amatalikitsa tizitsulo tomwe masipuling'iwo amalendewerapo, kapena amaika chipika chachitsulo pakati pa masipuling'i ndi ekiselo. Njirazi zafala chifukwa masipeya ambiri amachokera kunja kwa dziko ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja, zomwe mtengo wake udakwera kwambiri kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100 alionse mu Novembala 2023. Kuwonjezera chitsulo cha masipuling'i, kukachitika ndi chitsulo cha muyezo woyenera, kumathandizadi pikapu yonyamula matumba a chimanga, simenti kapena njerwa, ngakhale galimotoyo imauma ikakhala yopanda katundu. Kuwotcherera masipuling'i othyoka kapena kuwawotcha pamoto kuti apindike ndiye koyenera kupewedwa kotheratu, chifukwa kutentha kumachotsa kulimba komwe chitsulocho chidapatsidwa popangidwa, ndipo chimadzathyokanso galimoto italemedwa, nthawi yomwe ngozi yake imakhala yaikulu.

Galimoto ikakwezedwa, kulemera kwake kumakweranso m'mwamba, motero imapendekeka kwambiri pokhota ndipo sichedwa kugubuduzika dalaivala akakhotetsa chiwongolero mwadzidzidzi. Vutoli limaonekera bwino mumsewu wa M1 wotsikira ku Chikwawa, womwe umachoka pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere n'kukhotakhota mpaka m'chigwa cha Shire chomwe sichifika mamita 200. Pamalo otere mabuleki ndiwo moyo wa okwera, choncho wokweza galimoto ayenera kutsimikiza kuti mapaipi a mphira a mafuta a mabuleki sakukokeka masipuling'i akatambasuka. Pa mapikapu akale pamakhala vavu yoyeza kulemera kwa katundu n'kugawa mphamvu ya mabuleki akumbuyo, ndipo vavuyi ikasiyidwa osasinthidwa imagwira ntchito ngati kuti galimoto ndi yopepuka ngakhale itadzaza, n'kuchepetsa mphamvu pomwe ikufunika kwambiri.

Kasamalidwe kamayamba tsiku lomwe ntchito yatha. Mawilo ayenera kuwongoledwa pamakina a alayimenti, chifukwa kukweza kumasintha kaimidwe kake ndipo matayala amadyeka mbali imodzi. Magetsi akutsogolo ayenera kuyezedwanso kuti asamathobwe m'maso madalaivala ena. Ndipo mabawuti okhota omanga masipuling'i ku ekiselo ayenera kumangidwanso galimoto ikayenda makilomita mazana angapo, popeza zitsulo zatsopano zimakhazikika n'kusiya mpata. Pambuyo pake chofunika ndi kuyang'ana pansi pa galimoto nthawi iliyonse yosintha oyilo: mphira zong'ambika, ma shock absorber odontha, mabushi otha, ndi mfundo za propushafuti, mtanda wozungulira wochoka ku giyabokosi kupita ku difu, zomwe zimafuna gilizi pafupipafupi chifukwa tsopano zimazungulira zitapendekeka. M'dzinja, galimoto ikawoloka madzi akuya, oyilo wa mu difu ayenera kuonedwa, pakuti difu yotentha ikazizira mwadzidzidzi imatha kuyamwa madzi kudzera pakabowo kake kopumira, ndipo oyilo akaoneka woyererako ndiye kuti wasakanikirana ndi madzi ndipo ayenera kutayidwa.

Kumbali ya malamulo, galimoto iliyonse imayenera kukhala ndi chiphaso cha COF, chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu, chochokera ku Directorate of Road Traffic and Safety Services, chomwe chimaperekedwa ikayezedwa mabuleki, magetsi, matayala ndi chiwongolero, ndipo yokwezedwa imayezedwa ndi muyezo womwewo. Mwini galimoto amachitanso bwino kudziwitsa kampani yake ya inshuwalansi za kusinthaku ntchito isanayambe, chifukwa kusintha kosaululidwa kungathe kubweretsa mkangano pa chipukuta misozi ngozi ikachitika.