Bwalo la ku Namugongo

M'chaka cha 1886, ku Namugongo m'dziko la Uganda, Charles Lwanga ndi anzake anatenthedwa chifukwa cha chikhulupiriro chawo. Papa Paul VI atawalemba m'kaundula wa oyera mu 1964, makamu odzapemphera pamalopo anakulirakulira. Tchalitchi latsopano linatsegulidwa mu 1975, lozungulira ngati nyumba yakumudzi, lochirikizidwa ndi nsanamira 22, chiwerengero cha amaritiri achikatolika a m'dzikomo. Koma makoma ali ndi malire. Choncho panja, pa kanyanja, anaimika guwa lina, pomwe anthu zikwizikwi amamvera Misa pa 3 June chaka chilichonse. Nafenso tikamakuza matchalitchi athu, tisamangowerenga mabenchi a lero. Tisiyeko bwalo la adzukulu amene sanabadwe.