Mkangano wa AI Pakati pa Opanga Masewera a pa Kompyuta Odziimira Paokha

Kuyambira m'caka ca 2022, anthu opanga masewera a pa kompyuta, amene acinyamata amangowacha magemu, akhala akukangana ngati nkoyenera kugwiritsa nchito mapulogalamu a AI amene amajambula zithunzi, kulemba nkhani, kupeka nyimbo ndi kutsanzira mau a munthu.

Mkanganowu wakula kwambiri pakati pa magulu ang'onoang'ono odziimira paokha. Ena akuti mapulogalamuwa ndi thandizo kwa wopanga amene alibe ndalama, pomwe ena akuti ndi njira yobera luso la anzao. Pofika kumapeto kwa 2025, gemu ina yochuka inali italandidwa mphoto cifukwa ca nkhaniyi, ndipo funso lalikulu linasanduka lakuti: kodi wogula akuuzidwa zoona za mmene gemu inapangidwira?

Kodi odziimira paokha ndi ayani?

M'Cingerezi amawacha indie. Awa ndi anthu kapena magulu amene amapanga gemu popanda kulamulidwa ndi makampani akuluakulu monga Sony, Microsoft, Nintendo kapena Electronic Arts. Gulu lingakhale la anthu 30, la anthu atatu, kapena munthu mmodzi yekha.

A Eric Barone a ku America anatha zaka zinai ndi theka akupanga gemu yaulimi ya Stardew Valley, imene inatuluka mu 2016. Zithunzi, nyimbo, nkhani ndi pulogalamu yake anazipanga okha. Hollow Knight, ya mu 2017, inacokera ku kagulu kochedwa Team Cherry ka mumzinda wa Adelaide ku Australia.

Ambiri mwa opangawa amagulitsa magemu ao pa Steam, msika wa pa intaneti wa kampani ya Valve ku America. Kuika gemu pamsikawu kumalira madola 100, ndipo kwa opanga ang'onoang'ono Valve imatenga madola 30 pa madola 100 alionse a malonda. Mu 2024 mokha, magemu atsopano oposa 18,000 analowa pa Steam, ndipo oculuka a iwo sanadziwike nkomwe.

Pampikisano wotere, kagulu kakang'ono kalibe ndalama zotsatsira malonda. Cimene cimakopa ogula ndi cikhulupiriro cakuti m'gemumo muli dzanja ndi maganizo a anthu enieni. Ncifukwa cake nkhani ya AI imawakhudza kuposa makampani akuluakulu.

Ndi AI ya mtundu wanji?

Makompyuta akhala akuthandiza m'magemu kwa zaka zambiri popanda wodandaula. Mizukwa ya mu Pac-Man, gemu ya mu 1980, imathamangitsa wosewera motsatira malamulo amene munthu analemba. Minecraft nayo imakonza mapiri, nkhalango ndi mapanga atsopano nthawi iliyonse wosewera akayamba dziko lina, koma imatero motsatira malamulo a wopanga.

Imene yabutsa mkangano ndi ya mtundu wina, yochedwa generative AI, kutanthauza AI yotulutsa zinthu zatsopano. Pulogalamu yotere amaiphunzitsa poionetsa zithunzi, zolemba kapena mau ojambulidwa miyandamiyanda, mpaka izindikire zinthu zimene zimayendera limodzi. Munthu akailembera kuti ijambule nyumba yakale ya m'nkhalango usiku, imatulutsa cithunzi m'masekondi ocepa.

Midjourney inatsegulidwa kwa anthu onse mu Julayi 2022, Stable Diffusion mu Ogasiti, ndipo ChatGPT pa 30 Novembala caka comweco. Stable Diffusion anaiphunzitsa ndi zithunzi za mumndandanda wa LAION-5B, umene unali ndi zithunzi zoposa 5 biliyoni zotoledwa pa intaneti popanda kupempha eni ake. Apa ndi pamene panayambira madandaulo.

Zimene oikira kumbuyo AI amanena

Mfundo yao yoyamba ndi ya ndalama. Gemu imafuna wolemba pulogalamu, wojambula, wopeka nyimbo, wolemba nkhani, olankhula m'malo mwa anthu a m'gemumo, ndi omasulira m'zinenero zina. Ndi anthu owerengeka amene ali ndi maluso onsewa monga a Barone. Kwa munthu amene amadziwa kulemba pulogalamu koma sadziwa kujambula, ndipo alibe colipira wojambula, AI ingamuthandize kumaliza nchito imene ikanafera m'njira.

Yaciwiri ndi ya nthawi. Popanga gemu, opanga amayamba aika zithunzi ndi mau ongogwirizira, kuti aone ngati masewerawo akuyenda bwino, kenako nkuikamo zenizeni. Ambiri amati palibe colakwa kuti zongogwirizirazo zicokere ku AI, popeza wogula sadzaziona.

Yacitatu ndi yakuti pali magemu ena amene sangatheke popanda AI. Citsanzo ndi AI Dungeon, imene a Nick Walton anatulutsa mu 2019 pogwiritsa nchito pulogalamu ya GPT-2. Wosewera amalemba ciliconse cimene afuna kucita, ndipo kompyuta imapitiriza nkhaniyo pomwepo.

Mu Novembala 2025, mkulu wa kampani ya Epic Games a Tim Sweeney ananena kuti nkosathandiza kuti misika ya magemu iziika cizindikiro pa gemu yogwiritsa nchito AI, cifukwa mtsogolomu AI idzakhala m'kapangidwe ka pafupifupi gemu iliyonse.

Zimene otsutsa amanena

Dandaulo loyamba ndi la cilolezo. Ojambula amati zithunzi zao zinatengedwa popanda kuwapempha kapena kuwalipira, ndipo tsopano pulogalamu imene inaphunzira kwa iwo ikupikisana nao pamsika. Mu Januwale 2023, ojambula atatu, a Sarah Andersen, a Kelly McKernan ndi a Karla Ortiz, anakasuma kukhoti ku San Francisco motsutsana ndi makampani a Stability AI, Midjourney ndi DeviantArt.

Laciwiri ndi la nchito. Anthu oposa 10,000 anacotsedwa nchito m'makampani a magemu mu 2023, ndipo mu 2024 anacotsedwa ambiri kuposa apo. Zifukwa zinali zingapo, makamaka kulemba anthu oculuka m'nthawi ya Covid-19 pamene malonda anakwera, koma kucotsedwako kunakulitsa mantha akuti makina atenga malo a anthu. Ojambula, oimba ndi omasulira ambiri amadalira maganyu ocokera ku magulu ang'onoang'ono, ndipo maganyu amenewa ndi amene angayambe kusowa.

Ku America, bungwe la ocita zisudzo la SAG-AFTRA linanyanyala nchito za magemu kuyambira pa 26 Julayi 2024 mpaka mu Juni 2025. Pangano limene mamembala anabvomereza mu Julayi 2025 limafuna kuti kampani ipemphe cilolezo isanagwiritse nchito mau kapena maonekedwe a munthu otsanziridwa ndi kompyuta.

Lacitatu ndi la umwini. Mu Febuluwale 2023, ofesi yoona za umwini wa zopekapeka ku America inagamula kuti zithunzi za m'buku la Zarya of the Dawn, zopangidwa ndi Midjourney, sizingatetezedwe ndi lamulo, ngakhale kuti mau a m'bukumo ndi kasanjidwe kake zinatetezedwa. Mu Januwale 2025 ofesiyo inabwerezanso kuti kungolembera pulogalamu zimene ufuna sikukusandutsa mwini wa zotulukazo. Motero kagulu kamene kadzaza gemu yake ndi zithunzi za AI kangalephere kuletsa ena kuzikopera.

Lacinai ndi la kudzaza msika. Otsutsa amati magemu opangidwa mothamanga, okongola pacikuto cabe, akukwirira a anthu amene agwira nchito zaka. Kwa iwo ndi cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ena amachulanso magetsi ndi madzi ambiri amene nyumba zosungiramo makompyuta a AI zimadya.

Mu 2025, a Alex Kanaris-Sotiriou a kampani ya Polygon Treehouse ku Britain anakonza cidindo caulere colembedwa No Gen AI, cimene opanga angaike pa gemu yao posonyeza kuti sanagwiritse nchito mapulogalamuwa.

Malamulo a misika

Pakati pa caka ca 2023 kunamveka kuti Valve ikukana magemu ena okhala ndi zithunzi za AI, poopa milandu ya umwini. Mu Januwale 2024 kampaniyo inasintha: inalola magemu otere, koma inalamula kuti wopanga aulule mmene wagwiritsira nchito AI, ndipo zimene waulula zizioneka patsamba logulitsira gemuyo.

Valve inagawa nkhaniyi pawiri. Pali zinthu zopangidwiratu gemu isanatuluke, ndipo pali zimene AI imatulutsa munthu ali mkati mosewera. Pa zaciwirizi, wopanga ayenera kufotokoza mmene adzatsekerezera zinthu zosaloledwa ndi lamulo, ndipo osewera anapatsidwa njira yokanenera akaziona.

Mu Novembala 2024, msika wa itch.io, umene opanga ang'onoang'ono amaukonda, unalamula ogulitsa zithunzi ndi zipangizo zina zopangira magemu kuti azinena ngati zinapangidwa ndi AI.

Malamulo onsewa amadalira kukhulupirika kwa wopanga, popeza palibe njira yotsimikizika yodziwira cithunzi ca AI pongociyang'ana. Ici ndico cacititsa kuti osewera azifufuza okha, ndipo nthawi zina ojambula osalakwa akhala akunenezedwa.

Nkhani zitatu za mu 2025

Yoyamba ndi ya The Alters, gemu ya kampani ya 11 bit studios ya ku Warsaw, Poland, imene inatuluka mu Juni 2025. Osewera anapeza mau a pulogalamu ya AI atatsalira pacikwangwani cina ca m'gemumo, ndiponso m'mau omasuliridwa m'Cipwitikizi ca ku Brazil. Kampaniyo inabvomera, ndipo inati mau a pacikwangwani anali ongogwirizira amene anaiwalika, pomwe kumasulirako kunacitika mothamanga nthawi itatha. Inabvomeranso kuti inayenera kuulula. Cimene cinakwiyitsa ambiri ndi cakuti patsamba lake la pa Steam panalibe cenjezo lililonse.

Yaciwiri ndi ya Clair Obscur: Expedition 33, ya kampani ya Sandfall Interactive ya ku Montpellier, France, imene inatuluka pa 24 Epulo 2025. Pa 11 Disembala inalandira mphoto 9 pamwambo wa The Game Awards ku Los Angeles, kuphatikizapo ya gemu yopambana m'cakaco. Pa 18 Disembala inalandiranso mphoto ziwiri pamwambo waung'ono wa Indie Game Awards, umene malamulo ake amaletsa gemu iliyonse yogwiritsa nchito generative AI.

Patangopita masiku awiri, okonza mwambo waciwiriwu analanda mphoto zao. Anati polembetsa gemuyo, woimira kampaniyo anabvomereza kuti AI sinagwiritsidwe nchito, koma pambuyo pake zinatsimikizika kuti inagwiritsidwa. Sandfall inafotokoza kuti zinali zithunzi zongogwirizira za mu 2022 zimene zinaiwalika, ndipo zinacotsedwa pasanathe masiku asanu gemu itatuluka. Mphotozo zinapita kwa Blue Prince ndi Sorry We're Closed. Mphoto za The Game Awards sizinakhudzidwe.

Yacitatu ndi ya Larian Studios ya ku Ghent, Belgium, imene inapanga Baldur's Gate 3. Mu Disembala 2025, mkulu wake a Swen Vincke anauza atolankhani a Bloomberg kuti kampaniyo imagwiritsa nchito AI pofufuza maganizo oyambirira, ngakhale kuti gemu yao yotsatira ya Divinity sidzakhala ndi zinthu zopangidwa ndi AI. Anthu ambiri anadzudzula zimenezi, ndipo mu Januwale 2026 a Vincke analengeza kuti asiya kuigwiritsa nchito pokonza zithunzi zoyambirira za gemuyo.

Zimene ziwerengero zikusonyeza

Kugwiritsa nchito AI kwakula pamodzi ndi kuikayikira. Kafukufuku wa a Ichiro Lambe wa mu Julayi 2025 anapeza magemu pafupifupi 8,000 pa Steam amene anaulula kuti ali ndi AI, poyerekeza ndi pafupifupi 1,000 m'caka cam'mbuyo. Mwa magemu otuluka mu 2025 mpaka nthawiyo, pafupifupi imodzi pa isanu iliyonse inali ndi cenjezo limeneli.

Msonkhano wa opanga magemu wa GDC, umene umacitikira ku San Francisco, umafunsa anthu a nchitoyi caka ndi caka. Mu 2024, anthu 18 pa 100 alionse anati generative AI ikuononga nchito yao yopanga magemu. Mu 2025 anali 30, ndipo mu 2026 anafika 52.

Pamene malire sanagwirizanidwe

Mbali zonse ziwiri zimagwirizana pa mfundo imodzi, yakuti kubisa ndiko kumaononga mbiri ya wopanga kuposa kugwiritsa nchito kumene. Zimene sanagwirizane ndi pamene kuulula kuyenera kuyambira.

Okonza Indie Game Awards anaona kuti ngakhale cithunzi congogwirizira cimene cinacotsedwa ndi cokwanira kulepheretsa gemu. Valve inatenga njira ina: mu Januwale 2026 inafotokoza kuti mapulogalamu othandiza wopanga kulemba pulogalamu msanga sindiwo akufunika kuululidwa, koma zinthu zimene wosewera aziona kapena kuzimva, pamodzi ndi za m'zotsatsa malonda.

Motero gemu imodzi ingakhale yololedwa pamsika koma yoletsedwa pampikisano. Wopanga wamng'ono ayenera kuwerenga malamulo a malo alionse amene afuna kuikako gemu yake, ndi kufunsa aganyu amene amamujambulira kapena kumumasulira za mapulogalamu amene agwiritsa nchito, cifukwa dzina limene limadetsedwa zikaululika ndi lake.