Ligi ya Ana a M'migodi: Mbiri ya Northern League ya ku England

Ambiri a ife Loweruka likafika timakhala tatchera maso pa kanema kuonera Newcastle United, Liverpool kapena Manchester United. Timadziwa mayina a osewera, malipiro awo ndi mitengo imene anagulidwira. Sabata ino tiyeni tisiye kaye mabwalo akuluakuluwo, tipite ku midzi ya kumpoto chakum'mawa kwa England, m'chigawo cha Durham ndi madera oyandikana nacho, komwe kuli ligi yotchedwa Northern League. Ligi imeneyi inayamba m'chaka cha 1889, ndipo pa maligi onse a mpira amene akadalipo pa dziko lapansi, yoiposa msinkhu ndi imodzi yokha, Football League, yomwe inayamba mu 1888.

Amene anasonkhanitsa anthu kuti ligiyi ibadwe anali Charles Craven, mlembi wa timu ya Darlington. Matimu khumi ndiwo analowa m'chaka choyamba: Darlington, Darlington St Augustine's, Middlesbrough, Stockton, South Bank, Auckland Town, Birtley, Elswick Rangers, Newcastle East End ndi Newcastle West End. Matimu awiri omalizawa tiwakumbukire bwino, pakuti mu 1892 anaphatikizana n'kupanga Newcastle United imene tikuionera lero. Akatswiri oyamba a ligiyi anali Darlington St Augustine's, timu imene inatenga dzina ku tchalitchi cha Katolika cha St Augustine m'tauni ya Darlington. Timuyo inatha kalekale, koma dzina lake ndilo lili pamwamba pa mndandanda wa akatswiri mpaka lero. Nayo Auckland Town, imene pambuyo pake inadzatchedwa Bishop Auckland, mizu yake ili kwa ophunzira zaubusa a mpingo wa Anglican amene ankakhala ku Auckland Castle, kunyumba kwa bishopu wa Durham, ndipo ankasewera mpira ndi anyamata a m'tauniyo.

Poyamba m'ligiyi munali matimu olipira osewera ndi ena osalipira. Matimu akuluakulu atachoka kupita ku Football League, mu 1906 ligi inasankha njira imodzi: inakhala ya osewera osalipidwa okhaokha, ndipo inakhala choncho kufikira 1974. Kuti timvetse tanthauzo la chisankho chimenechi, tiyenera kudziwa anthu amene ankasewerawo. Ambiri anali ogwira ntchito m'migodi ya malasha, m'mafakitale a zitsulo, pa njanji ndi m'malo okhomera sitima zapamadzi. Mayina a matimu eni ake amachitira umboni. Horden Colliery Welfare ndi Easington Colliery ndi matimu a midzi ya m'migodi. Bwalo la Tow Law Town lili pa msewu wotchedwa Ironworks Road, chifukwa cha fakitale ya zitsulo imene inamanga mudziwo. Shildon ndi tauni ya njanji. Billingham Synthonia inatenga dzina ku fakitale ya ICI yopanga amoniya wa feteleza. Munthu ankatha kutuluka pansi pa nthaka Loweruka masana, kusamba mwaye wa malasha, n'kuvala jezi kukaimira mudzi wake pamaso pa mkazi wake, ana ake ndi akapitawo ake.

Nkhani yotchuka koposa ya anthu amenewa ndi ya West Auckland. Mu 1909 Sir Thomas Lipton, mkulu wa malonda a tiyi, anapereka chikho choti matimu a mayiko anayi apikisanirane mumzinda wa Turin ku Italy. Bungwe loyendetsa mpira ku England, la FA, linakana kusankha timu yoti ipite, ndipo mwayi unagwera West Auckland, timu ya mudzi waung'ono imene osewera ake ambiri anali a m'migodi. Ena a iwo anachita kupinyolitsa katundu wa m'nyumba kuti apeze ndalama za ulendo. Atafika anagonjetsa timu ya ku Stuttgart 2-0, kenaka m'ndime yomaliza anagonjetsa Winterthur ya ku Switzerland 2-0. Mu 1911 anabwerera ku Turin, nakwapula Juventus 6-1 m'ndime yomaliza, ndipo chikho chinakhala chawo mpaka kalekale.

Komatu ulemerero sunabweze ngongole. Atabwerera kwawo, kalabu inapezeka kuti ilibe kanthu m'thumba, ndipo chikhocho anachipereka ngati chikole kwa mayi woyendetsa hotela ya m'mudzimo pa ngongole ya mapaundi 40. Chinakhala m'banja la mayiyo kufikira 1960, pamene anthu a m'mudzimo anasonkha mapaundi 100 n'kuchiwombola. Mu 1994 akuba anachiba, ndipo sichinapezekenso; chimene chilipo lero ndi chongofanizira. Mmodzi mwa amene anathandiza West Auckland ku Turin mu 1909 anali Jack Greenwell, mnyamata wa m'migodi wa ku Crook. Iyeyu mu 1912 anakalowa timu ya Barcelona, anadzakhala mphunzitsi wake kwa zaka zambiri, ndipo mu 1939 anatsogolera dziko la Peru kupambana chikho cha mayiko a ku South America.

Chikho chimene matimu a ligiyi ankachilota kwambiri chinali FA Amateur Cup, cha osewera osalipidwa a m'dziko lonse la England. Palibe timu inachitenga kambiri kuposa Bishop Auckland, imene inapambana kakhumi, kuyambira 1896 mpaka 1957, kuphatikizapo zaka zitatu zotsatizana: 1955, 1956 ndi 1957. M'timu imene inapambana mu 1939 munali mnyamata womanga nyumba dzina lake Bob Paisley, yemwe anadzakhala mphunzitsi wa Liverpool n'kutenga European Cup katatu. Crook Town, mnansi wa Bishop Auckland ndiponso mdani wake wa pabwalo, inapambana kasanu. Mu 1954 awiriwa anakumana m'ndime yomaliza ku Wembley pamaso pa anthu 100,000, nalepherana 2-2. Anabwereza ku Newcastle, nalepherananso 2-2. Pa masewero achitatu, ku Middlesbrough, Crook inapambana 1-0. Tauni ziwiri zazing'ono zotalikirana makilomita ochepa chabe zinadzaza mabwalo atatu akuluakulu.

Sitingachite chilungamo tikabisa mbali ina ya mbiriyi. Lamulo linkati wosewera alandire ndalama zongobwezera zimene wawononga, monga ya ulendo ndi ya tiyi. Koma munthu wa m'mgodi akajomba ku ntchito chifukwa cha mpira ankataya malipiro a tsikulo, pamene mwana wa munthu wolemera wa kumwera kwa dzikolo sankataya kanthu. Choncho makalabu ambiri ankapereka ndalama mwakabisira, pozitcha kuti ndi za tiyi. Mu nyengo ya 1927 mpaka 1928 nkhaniyi inaphulika. Crook Town itaimbidwa mlandu, kafukufuku anafalikira ku makalabu ena a m'chigawocho, ndipo osewera oposa 300 anaimitsidwa. Crook inachoka m'ligiyi kwa zaka zingapo, n'kudzabwerera mu 1936. Pano pali funso limene silinakalambe. Lamulolo linkalemera kwa osauka kuposa kwa olemera, ndipo zimenezo n'zoona. Koma m'malo molimbana nalo poyera, atsogoleri a makalabu anasankha kulemba mabuku abodza, ndipo tsiku la mlandu amene analangidwa mwaunyinji anali osewera, anthu omwe ankangofuna kuti ana awo asagone ndi njala. Chinyengo chimenechi sichinathe ndi chilangocho. Chinapitirira mpaka FA inathetsa kusiyanitsa osewera olipidwa ndi osalipidwa mu 1974. Chaka chomwecho FA Amateur Cup inatha.

Tsiku lina limene ligiyi imalinyadira silinali la chikho. Pa 6 February 1958 ndege imene inanyamula timu ya Manchester United inachita ngozi ku Munich, ndipo osewera asanu ndi atatu anamwalira. Timuyo inatsala yopanda anthu okwanira. Bishop Auckland inabwereketsa osewera ake atatu: Bob Hardisty, Derek Lewin ndi Warren Bradley. Hardisty ankadziwana kale ndi Matt Busby, mphunzitsi wa United, popeza anasewera pansi pake m'timu ya Great Britain pa masewero a Olympic a 1948. Bradley, yemwe anali mphunzitsi wa sukulu, anakhazikika ku United, ndipo mu 1959 anasewera m'timu yaikulu ya England. Timu yaing'ono ya osewera osalipidwa inathandiza kudzutsa timu imene lero ili ndi otsatira m'dziko lililonse, kuphatikizapo kwathu kuno.

Zaka zotsatira zinali zowawa ku midzi imeneyi. Migodi inayamba kutsekedwa umodziumodzi. Sitalaka yaikulu ya ogwira ntchito m'migodi ya 1984 mpaka 1985 inalephera, ndipo mgodi wa Easington, kumene ngozi ya 1951 inapha anthu 83, unatsekedwa mu 1993. Ntchito zitatha, anthu anachepa pa mabwalo, ndipo makalabu ena anafa. Ngakhale zinali choncho, ligi inkabalabe zipatso. Mu 1978 Blyth Spartans inafika ndime yachisanu ya FA Cup, ndipo masewero ake obwereza ndi Wrexham anakoka anthu oposa 40,000 ku St James' Park. Brian Clough anasewerapo ku Billingham Synthonia asanatchuke. Chris Waddle ankagwira ntchito m'fakitale ya masoseji uku akusewera ku Tow Law Town, Newcastle United isanamutenge mu 1980.

Mu 1982 ligi inawonjezera gawo lachiwiri, ndipo mu 1991, itakana kwa zaka zingapo, inalowa mu dongosolo la makwerero a mpira wa ku England, momwe timu imakwera kapena kutsika malinga ndi mmene yachitira. Magawo ake awiri ali pa sitepe yachisanu ndi chinayi ndi yakhumi kuchokera pa Premier League. Wembley sanamuiwale: mu mpikisano wa FA Vase, umene unalowa m'malo mwa chikho chakale chija, Whitley Bay inapambana mu 2002, kenaka mu 2009, 2010 ndi 2011. Pambuyo pake panabwera Dunston mu 2012, Spennymoor Town mu 2013, North Shields mu 2015, Morpeth Town mu 2016 ndi South Shields mu 2017.

Tikaiona mbiri yonseyi, chodabwitsa n'chakuti migodi, mafakitale ndi makampani amene anabala matimuwa anatha, koma matimu ambiri akadalipo. Chowasunga ndi anthu odzipereka osalandira kanthu: wotchetcha udzu, wochapa majezi, wolandira ndalama pachipata, mlembi wosunga mabuku. Ife amene timayambitsa matimu m'madera mwathu n'kuwaona akufa patapita zaka ziwiri chifukwa cha mkangano wa ndalama, tili ndi zoti tiphunzire ku mbali zonse ziwiri za nkhaniyi. Mabuku abodza a 1928 anaimitsa osewera mazana atatu ndi kupitirira. Msonkhamsonkha wa mapaundi 100 wa 1960 unabweza chikho ku mudzi umene unachipambana. Pa bwalo la pakati pa mudzi wa West Auckland lero pali chipilala cha anthu awiri, chomwe chinaikidwa mu 2013: wina wanyamula chida chokumbira malasha, wina akumenya mpira.