Cifukwa Cake Wilo la Njinga Linacepa

Ndili mwana ku Chawama ndinali ndi kanjinga ka mawilo a mainchi 20. Amalume anali ndi Eagle yakuda, ija yopangidwa ku Chipata, ya mainchi 28. Popita ku Soweto Market ine ndinali kupalasa mpaka thukuta kamukamu, iwo akungoimba likhwelu, koma sindinawapitilile ngakhale tsiku limodzi. Ndinafika poganiza kuti njinga yao inali ndi mankhwala.

Anali masamu cabe. Wilo likazungulila kamodzi limayenda mtunda wolingana ndi kutalika kwake kuculukitsa ndi 3.14. Langa linali kuyenda mita 1.6, la amalume mamita 2.2.

Masamu amenewa anavulaza anthu ambili ku Ulaya. Njinga za ku Paris za m'ma 1860 zinalibe cheni. Zopalasila zinali zomangilila pa wilo lakutsogolo, ndiye ukapalasa kamodzi, wilo nalonso lazungulila kamodzi basi. Wofuna liwilo anali ndi njila imodzi yokha: kukulitsa wilo. Mu 1869 Eugène Meyer wa ku Paris anapanga wilo lopepuka la masipoko a waya, ndipo posakhalitsa James Starley wa ku Coventry, ku England, anatulutsa njinga yochedwa Ariel. Mawilo anakula, ena mpaka mainchi 60. Cinali kuwaletsa kupitilila apo ndi kutalika kwa mwendo wa mwini njinga. Wamfupi ngati ine akanangokhala wotsalila pa mpikisano uliwonse.

Njingazi anazicha penny-farthing, maina a ndalama ziwili zacitsulo, yaikulu ndi yaing'ono. Musaziseke mukaziona pa cithunzi. Thomas Stevens ananyamuka nayo ku San Francisco mu April 1884, nafika ku Yokohama mu December 1886, atazungulila dziko pa wilo la mainchi 50, pafupifupi mamita 4 pa kupalasa kulikonse. M'malo ena anakwela sitima.

Koma wokwela anali kukhala pamwamba peni-peni pa wilo. Kamwala kakang'ono kapena dzenje, munthu anali kuuluka pamwamba pa handulo, mutu patsogolo. Ena anafa. Ganizilani njinga yotele m'misewu yathu nthawi ya mvula!

Mu 1885 John Kemp Starley, mwana wa m'bale wake wa James, anatulutsa Rover, imene inali kuyendetsa wilo lakumbuyo ndi cheni. Giya ya mano ambili kutsogolo, ya mano ocepa kumbuyo, ndiye wilo laling'ono likuzungulila kawili kapena kuposa pa kupalasa kumodzi. Wilo lalikulu linatha nchito, cishalo cinatsika, phazi linafika pansi. Mu 1888 John Boyd Dunlop wa ku Belfast anawonjezela tayala la mphepo.

Caka catha ndinawelenga mano pa Eagle ija, imene manje ili m'manja mwa msuweni wanga: 44 kutsogolo, 18 kumbuyo. Kupalasa kamodzi ndi mamita 5.4, kuposa ciwilo ca Stevens, pomwe kumbuyo kuli matumba atatu a malasha.