Mac ya ku Mufakose

Apple itasamukira ku mapurosesa a Intel mu 2006, anthu adayamba kulowetsa Mac OS X m'makompyuta wamba, n'kumawatcha Hackintosh. Ine ndidayesa mu 2009 ku Mufakose, kumene agogo adakhazikika atachoka ku Nyasaland. Ndinkafuna kulemba mapulogalamu a iPhone, koma Xcode imafuna Mac, ndipo ndalama yake ndikadaitenga kuti? Makina adayaka, intaneti zii: khadi langa la Realtek lidalibe driver. Idandiombola ndi kext yolembedwa mwaulere ndi munthu amene sindidamuonepo. Pambuyo pake wina adalemba ya virtio, yolumikiza Mac OS X ya mu QEMU kudzera pa khadi longoyerekeza. Mu 2020 Apple idayamba kuika mapurosesa akeake m'ma Mac, khomo n'kuyamba kutsekeka. Kompyuta ija mchemwali wanga amaikapo wailesi.