Admarc ndi mitengo ya mbewu za alimi

Bungwe la Admarc lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1971 kulowa m'malo mwa Farmers Marketing Board. Imodzi mwa ntchito zake zikuluzikulu idali kugula mbewu kwa alimi ang'onoang'ono pamtengo umodzi m'dziko lonse, kuti mlimi wa ku Chitipa alandire mofanana ndi mnzake wa ku Lunzu.

M'chaka cha 1987 boma lidalola amalonda wamba kuyamba kugula mbewu, ndipo misika ina ya bungweli kumidzi idatsekedwa. Mu 2022 boma lidaimitsa ntchito zake kwa kanthawi pofuna kulikonzanso.

Chaka chilichonse Unduna wa Zaulimi umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu. Komatu mtengowu umangokhala wa papepala ngati Admarc yachedwa kutsegula misika kaamba kosowa ndalama. Mlimi amene wakolola mu Meyi ali ndi ngongole ya feteleza komanso fizi ya ana sangadikire. Amagulitsa kwa mavenda pamtengo wolira, ndipo ikafika Januwale, nkhokwe itauma, amakagulanso chimanga pamtengo wokwera.