Ofufuza Milandu ya Kupha M'maiko Otuluka M'nkhondo

Ku Chitala, m'boma la Salima, kumadziwika ndi malo ofufuzira za ulimi, mtedza ndi thonje. Koma madzulo, monga zilili m'misika yambiri ya kumudzi, phokoso lalikulu limachokera m'kanyumba ka vidiyo: mfuti zikulira, wina akuthamangitsidwa, womasulira akuthirira ndemanga m'Chichewa. Chilakolako cha nkhani za magazi chimenechi sichinayambe ndi vidiyo ayi.

Chinayamba ndi mabuku. M'zaka za m'ma 1970, ana a sekondale ankabwerekana mabuku a James Hadley Chase mpaka zikuto kuthothoka. Mu 1977 kampani ya Macmillan inayamba kutulutsa mabuku a Pacesetters, momwe mbava ndi apolisi anali a ku Lagos ndi Nairobi, anthu akuda okhala m'mizinda yonga yathu. Kuno kwathu Aubrey Kalitera anatulutsa A Taste of Business mu 1976, kenaka n'kuyamba kudzisindikizira yekha mabuku ku Blantyre.

Komabe panali mzere wosadumphika. Lamulo lounika mabuku ndi mafilimu linakhazikitsidwa mu 1968, chaka chomwe anthu anayamba kuphedwa modabwitsa usiku ku Chilobwe. Mu Meyi 1983 andale Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anapezeka atafa ku Mwanza, boma n'kunena kuti inali ngozi ya galimoto. Mlembi wa nkhani zofufuza milandu akanafunanso chiyani china? Koma woyesa kulemba zimenezo akanakagona kundende ya Mikuyu. Choncho Amalawi ankawerenga za kuphana kwa ku America, za kwawo akunong'onezana.

Vidiyo itafika m'ma 1980 inabweretsa Rambo ndi Commando, pamene nkhondo yeniyeni inali kutsidya kwa malire, ku Mozambique. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inayamba mu 1977, inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo inathamangitsira ku Malawi anthu pafupifupi 1 miliyoni. Asilikali athu, omwe sukulu yawo ili ku Salima komweko, anakalondera njanji ya Nacala.

Mfuti zitaleka kulira, alembi a ku Mozambique anatenga wofufuza milandu n'kumuponya m'mabwinja. Lília Momplé, m'buku lake Neighbours la 1995, anatsata usiku umodzi ku Maputo pamene achiwembu otumidwa ndi boma la tsankho la South Africa ankakonza zokapha anthu. Chaka chotsatira Mia Couto anatulutsa A Varanda do Frangipani, lomwe mwina ndiye buku lokoma koposa mwa onsewa. Wapolisi Izidine Naíta akupita kulinga lakale losungirako nkhalamba kukafufuza imfa ya mkulu wa pamalopo, Vasto Excelêncio. Mavuto ake si oti anthu akukana mlandu. Nkhalamba iliyonse ikuti, wapha ndine. Wosimba nkhaniyo ndi mzimu wa kalipentala womwe walowa m'thupi la wapolisiyo, ndipo pansi pa zonsezo pali zida zotsala kunkhondo zomwe akuluakulu akuchita nazo malonda mobisa.

Apa m'pamene pagona kukoma kwa mabuku otere. M'dziko lomwe anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa, kenaka lamulo n'kukhululukira onse omwe anamenya nkhondo, palibe amene anafunsidwa kuti anapha yani. Buku lofufuza mlandu limatola mtembo umodzi, kuupatsa dzina, n'kuumirira kuti wakupha apezeke. Nthawi zambiri wofufuzayo amapeza kuti wakuphayo ali pampando, ndipo sangamangidwe. Mdima wa mabukuwa umachokera pamenepo.

Njira imeneyi inafalikira. Mu 2000 Couto analembanso za asilikali a United Nations ophulika mosadziwika bwino m'tauni yopeka ya Tizangara. Ku Angola, Pepetela anaseka akazitape a boma kudzera m'buku lake la Jaime Bunda mu 2001. Naye Henning Mankell wa ku Sweden, yemwe wapolisi wake Wallander anatchuka dziko lonse, anakhala zaka zambiri ku Maputo akutsogolera zisudzo ku Teatro Avenida.

Ochepa ku Chitala anagwirapo mabuku amenewa, poti palibe anawamasulira m'Chichewa n'kuwafikitsa kumsika. Chomwe chimafika msanga ndi filimu ngati Blood Diamond ya 2006, yonena za nkhondo ya ku Sierra Leone, ngakhale misewu ina yooneka mmenemo ndi ya ku Maputo.